Foni ya Sakina pa Zenera

Ana inu mwandivuta kwa nthawi yaitali kuti ndilembe za ntchito yanga, mukuti adzukulu asamaganize kuti agogo awo anabadwa atakhala kale pakhonde n'kumakalipira nkhuku. Chabwino, ndagwira cholembera. Za ubwana wanga ku Nsanje munazimva mpaka kukhuta nazo, choncho ndiyambira pamene ndinagwira choko koyamba. M'mutu uno ndikuuzani za aphunzitsi ophunzira amene anadutsa m'manja mwanga, makamaka mtsikana mmodzi wa ku Ndirande. Mukawerenga mudziwanso chifukwa chake diresi la buluu la mpendero wokhota lija, limene mumati limakuchititsani manyazi kutchalitchi, sindilitaya.

Bangwe, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Sukulu yanga yoyamba inali ku Bangwe. Ndinafika ndi sutikesi ya malata, kolona m'thumba, ndi mantha ochuluka kuposa zovala. Ndinkakhala kwa amalume anga amene ankagwira ntchito ya njanji ku Limbe. Ahedi athu anali a Matewere, bambo wamfupi wa mawu aakulu omveka mpaka kumsika. Choko ankachikhomera m'kabati n'kumatigawira ngati mankhwala a kuchipatala, ndipo ukapita kukapempha china ankakufunsa ngati umachidya. Bolodi linali khoma chabe, likayera tinkalidetsa ndi ufa wakuda wa m'mabatire akutha. Chipangizo chamakono chimene sukulu inali nacho inali wailesi imodzi yomvetsera maphunziro, koma mabatire ake ankatha modabwitsa Loweruka lililonse kukakhala mpira.

Nditangotha miyezi yochepa, a Matewere anandiitana mu ofesi. "Mawa kukubwera oyendera sukulu," anatero. "Uwauze ana ako kuti ukafunsa funso aliyense akweze dzanja. Wodziwa yankho akweze lamanja, wosadziwa akweze lamanzere. Iwe uzingosankha amanja. Wamva?" Ndinati ndamva. Umu ndi mmene sukulu yonse inkachitira, ndipo anawo anali akatswiri kale pa zimenezi kuposa ine. M'mawa mwake kunabwera bambo wachikulire wa tayi yothothoka, nakhala kumbuyo pakati pa ana. Ndikafunsa funso, manja onse m'mwamba, kalasi yokongola ngati munda wa chimanga. Ndinayamba kudzimva ndithu. Kenaka bambo uja anaimirira nati, "Madamu, mundilole ndifunseko nane." Anafunsa funso lophweka, manja onse m'mwamba, iye n'kuloza mwana wa dzanja lamanzere. Zii. Analoza wina wamanzere, zii. Anawatsata amanzere okhaokha mpaka ine thukuta linafika m'nsapato.

Panja sanandikalipire. Anaseka pang'ono, napukuta magalasi ake. "Mwana wanga, nanenso ndinagwirapo choko, za manjazi ndimazidziwa," anatero. "Amanja aja akhoza kuphunzira ngakhale uwaikire chitsa kutsogolo. Amene anakubweretsa kuno ndi amanzere aja." Dzina la bamboyo ndinaliiwala kalekale, koma mawu akewo ndinayenda nawo sukulu zonse zimene ndinaphunzitsako.

Zingwangwa, zaka za pulayimale yaulere

Ku Zingwangwa ndinasamukira nditakwatiwa ndi bambo anu, ndipo ndiko ambiri a inu munabadwira. Boma litalengeza kuti pulayimale ikhala yaulere, ana anabwera ngati madzi osefukira. Ena anali aatali kuposa ine, ena ang'onoang'ono ongoperekeza azikulu awo. Makalasi anadzaza, ena tinkaphunzitsira pansi pa mitengo, bolodi titalitsamiritsa pa thunthu. Aphunzitsi sanakwane, ndiye anatitumizira anyamata ndi atsikana ongomaliza sekondale kuti aziphunzira ntchito ali pa ntchito pomwepo. Apa ndi pamene ndinayambira kulera aphunzitsi, ntchito imene ndinaigwira mpaka kupuma.

Kachitidwe kake kanali kosavuta. Wophunzira amaima kutsogolo, ine ndimakhala kumbuyo, pansi pomwe ndi ana. Akamaliza timakhala pambali n'kumuuza zimene ndaona. Vuto linali limodzi: munthu sadziona yekha. Ndimati, "Mwana iwe, phunziro lonse walankhula ndi bolodi, ana angoona msana wako." Iye amati, "Ine Madamu? Ayi, ndimatembenuka ndithu." Ndimati, "Wafunsa kuti 'mwamva ana?' iwo n'kuyankha kuti 'eee', koma kumbuyo kuno amasewera ndi zitete." Iye amati, "Komatu anayankha onse." Mtsikana wina anafika pokandinenera kwa ahedi kuti ndimadana naye chifukwa ndi wa ku Mulanje. Sindinkadana naye ayi. Kungoti ine ndinali ndi maso okha, ndipo umboni wa maso anga unkathera m'kamwa mwanga momwe.

Ndirande, zaka zomaliza

Ku Ndirande ananditumiza tsitsi litayamba kale kuyera. Sukulu yake inali pansi pa phiri, makalasi a denga la malata opanda siling'i, ana okhala pansi mothinana moti ukafuna kufika kumbuyo umayenda ngati ukuwoloka mtsinje pa miyala. Ahedi anali a Namakhwa, munthu wabwino mtima, wokonda penti ndi alendo. Akamva kuti kukubwera galimoto, ngakhale miyala ya m'mbali mwa njira inkapakidwa laimu.

Aphunzitsi ophunzira a masiku amenewo anali mtundu wina. Ankachokera ku koleji foni ili m'manja. Mapulani a phunziro anali mu foni, nyimbo za ana mu foni, zithunzi za njovu ndi sitima mu foni, ndipo usanamalize kufunsa chinthu iwo afunsa kale anzawo m'magulu awo a pa foni. Ndisaname, poyamba zinkandinyansa. Ndinkati awa magetsi akadzathima sabata yathunthu adzaiwala ndi dzina lawo lomwe. Koma ndinaonanso zabwino. Ine ndinaphunzitsa za nyanja yamchere zaka zambirimbiri ndikujambula mizere yokhotakhota pa bolodi. Mnyamata wina anangoyendetsa foni m'mizere ya ana, iwo n'kuona mafunde enieni, ndipo tsiku limenelo palibe anapempha kupita kuchimbudzi.

Utatha mliri uja umene unatseketsa sukulu, kunabwera kachitidwe kena. Aphunzitsi a ku koleji sankatha kufika pa sukulu iliyonse kudzaona ophunzira awo, ndiye koleji imene inkatitumizira ophunzira inati aliyense azijambula phunziro lake pa foni n'kutumiza. Kanemayo ndi amene ankamupatsira malikisi. Poyamba pa kanema, mphunzitsi womulera ankayenera kuima pamaso pa foni, kutchula dzina lake, ndi kunena kuti iyi ndi kalasi imene wophunzirayu amaphunzitsa masiku onse. Sipanatenge nthawi, panabadwa chimene tinkachitcha kalasi ya foni. Amasankha ana ochepa, a yunifomu yonse ndi nsapato, odziwa kuyankha. Amawayeserera phunzirolo dzulo lake. Pa tsiku lojambula otsala onse amapatsidwa matsache kukasesa kubwalo la mpira, kutali ndi zenera. Nditaziona koyamba ndinaseka ndekha. Ndinati a Matewere anamwalira, koma manja awo aja adakali moyo, angosamukira mu foni.

Chaka changa chomaliza ndinapatsidwa Sakina kuti ndimulere mu Sitandade 2. Anali mtsikana wochepa thupi, wa mpango wakuda kumutu, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Kwawo kunali komweko ku Ndirande. Bambo ake, Che Amidu, anali telala wa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi msika, ndipo theka la mayunifomu a pa sukulu pathu linatuluka pa makina awo. Maso awo anali atayamba kuchita khungu. Abale anawauza kuti mwana wawo wamkaziyo akhale pa makina, popeza ankadziwa kale kusoka, koma Che Amidu anamulola kupita ku koleji ndi pangano limodzi: akakhoza akhale mphunzitsi, akalephera abwerere pakhonde, za kubwereza chaka pasakhale.

Kanema wake woyamba anakanidwa. Anajambula yekha ine nditapita ku maliro ku Nsanje, mphunzitsi wina ataimira m'malo mwanga, ndipo a ku koleji anati ana akusokosera, mphunzitsi sakuwagwira. Anamupatsa mwayi umodzi wotsiriza. Anzake awiri amene anali nawo pa sukulu pathu anali atakhoza kale bwinobwino ndi kalasi ya foni.

A Namakhwa anandiitana mu ofesi. "Mayi Jasi, tisavutike," anatero. "Sankhani ana abwino, mtsikanayu ajambule, nkhani ithe. Inu mungonena mawu anu aja poyamba. Aliyense akutero."

"Ndinene kuti iyi ndi kalasi yake ya masiku onse, ana ake ali kubwalo ndi matsache?"

"Ndi mphindi zochepa chabe, Madamu. Komanso dzina la sukulu likuipa. A ku koleji akamaona ana osavala, ena opanda nsapato, aziti ku Ndirande kuno tikuchita chiyani?"

Ndinawayankha kuti ndiganiza kaye. Ndikutuluka ndinapeza Sakina akundidikira pakhonde, ndipo nkhope yake inandiuza kuti wamva zonse. Tinapita kuseri kwa kalasi. Kwa nthawi yoyamba mawu ake anakwera.

"Madamu, chonde. Inu mukupuma ntchito chaka chino, zanu zinayenda kale. Ine ndikalephera ndikakhala pa makina a bambo mpaka maso anga nawo adzathe. Anzanga onse achita chonchi, palibe wawagwira. Bwanji ine ndekha?"

Ana inu, pa zaka zonse zimene ndinagwira ntchito sindinafunsidwepo funso lolemera chotere. Mtsikanayo sankanama. Wotaya chinthu anali iye, osati ine. Ndinapita kunyumba mtima ukuwawa, ndipo bambo anu atandifunsa ndinawakalipira popanda chifukwa. Koma panali chinthu chimodzi chimene ndinachiona pamene anzake aja ankajambula. Ana osesa kubwalo sankasesa. Ankaima ndi matsache awo n'kumayang'ana kukalasi, ndipo mmodzi ndinamuona akudziyang'ana malaya ake, kenaka mapazi ake. Mwana wa Sitandade 2 sadziwa kuchotsera, koma amadziwa bwino lomwe chifukwa chimene amutulutsira. Ndinaganizanso kuti Sakina akadzalembedwa ntchito sadzapatsidwa kalasi ya foni. Adzapatsidwa chigulu chonsecho, ine kulibe.

M'mawa mwake ndinamuuza. "Mwana wanga, ana sindiwatulutsa, ndipo bodza pamaso pa foni sindinena. Ukafuna kupempha ahedi kuti akupatse wina wokulera, sindikuletsa, ndipo sindidzakusungira kanthu kukhosi. Koma ukakhala ndi ine, foni yakoyo tiigwiritsa ntchito tsiku lililonse mpaka tsiku lotumiza."

Anapita kwa ahedi. Zimenezo ndinazimva, ndipo sindinamudandaule. Koma aphunzitsi ena onse anali ndi ophunzira awo kapena makalasi a mayeso, komanso a ku koleji anali ndi dzina langa kale. Anabwerera kwa ine osati mwa kufuna kwake. Moni ankandipatsa, koma akuyang'ana pansi.

Tinayamba. M'mawa uliwonse foni tinkaiika pa zenera la kumbuyo, titaitsamiritsa pa dasitala ndi kamwala, kuti izitenga kalasi yonse. Ana akaweruka tinkakhala pa sitepe n'kuonera limodzi. Tsiku loyamba ndinangomupatsa foni yake. Anaonera, naonera, kenaka anagwira pakamwa.

"Madamu, uyu ndi ine?"

"Ine sindivala mpango wakuda."

"Koma ndangoima malo amodzi ngati anandikhomera. Ndipo taonani, ndikufunsa kuti 'mwamva ana?' awa akuti 'eee' akugawana chigumu!"

Ndinatsala pang'ono kuvina. Zimene ndinkalimbana nazo ndi pakamwa kuyambira ku Zingwangwa, anthu n'kumandinenera kwa ahedi, kachinthu kokwana m'dzanja kanazimaliza ndisanatsegule pakamwa. Foni sikangana ndi munthu. Ukakana umaibweza m'mbuyo, n'kudzionanso. Ndinakumbukira mtsikana wa ku Mulanje uja, ndipo ndinalakalaka tikanakhala ndi foni nthawi imeneyo, bwenzi titasiyana pachibale.

Tsiku lililonse Sakina ankasankha yekha chinthu chimodzi choti akonze. Analeka kufunsa kuti "mwamva?" Anayamba kusiya kanjira pakati pa ana kuti azifika kumbuyo. Anawauza ana kuti atole zitsekerero za mabotolo kumsika, ndipo aliyense anali ndi kamulu kake kowerengera masamu. Anawaika m'timagulu, wodziwa pafupi ndi wosadziwa. Ine ndinamuphunzitsa zimene foni sinkadziwa: kuti ana akasokosera usakweze mawu koma uwombe m'manja katatu iwo ayankhe, ndi kuti mwana wogona m'kalasi uyambe wamufunsa ngati wadya. Iye anandiphunzitsa kukulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, zimene mpaka lero ndimachita ndi zala zonse. Kalasi sinasanduke ya angelo ayi. Inali kalasi ya ku Ndirande, yothinana ndi yaphokoso, koma phokoso lake linayamba kukhala la ana amene akuwerenga. Ngakhale zinali choncho, Sakina sanasiye kundikwiyira. Ankaseka ndi kanema, koma akazimitsa foni nkhope inkabwerera pomwe inali.

Tsiku lomaliza kutumiza linali Lachisanu. Tinafuna kujambula Lachitatu, koma magetsi anali atathima kuyambira dzulo lake ndipo foni inazima phunziro lili pakati. Lachinayi kunabwera alendo, ana onse anakakhala padzuwa kuimba nyimbo. Linatsala Lachisanu lokha, foni ili ndi moto wokwana phunziro limodzi basi. Ndinaima pamaso pake, ndinatchula dzina langa, ndi kunena kuti iyi ndi kalasi imene Madamu Sakina amaphunzitsa masiku onse. Ndinanena mawu amenewo mutu uli m'mwamba.

Anayamba bwino. Linali phunziro la kuchotsera. Analemba samu pa bolodi, ana anatulutsa zitsekerero zawo. Kenaka ndinamva kadontho pa malata. Kena. Ndinayang'ana kuphiri, kunali bii. Amene munaphunzira m'kalasi ya malata opanda siling'i mukudziwa zimene ndikunena. Mvula ya ku Ndirande ikafika padenga, ngakhale munthu akukuwire m'khutu umangoona milomo. Inagwa ngati akukhuthula miyala. Sakina anaima, choko m'manja, nandiyang'ana kumbuyo kumene ndinakhala. Sindidzaiwala maso amenewo. Ndinalibe chomuthandiza nacho, ndinangomugwedezera mutu kuti apitirize.

Kenaka anawomba m'manja katatu manja ali m'mwamba kuti ana aone, ana n'kuyankha. Analemba samu ina pa bolodi ndi manambala akuluakulu. Anakweza zitsekerero m'dzanja, nachotsapo zina n'kuziika m'thumba, natambasula dzanja kuti ana aone zotsala. Analoza ana kuti achite chimodzimodzi. Ndiye analowa m'kanjira kaja, gulu ndi gulu, kugwada pa simenti, kugwira dzanja la mwana, kusuntha naye zitsekerero. Odziwa ankakweza manja kutsogolo, iye ankawagwedezera mutu n'kupitirira kwa amene sanakweze. Madzi anayamba kudontha pakona, anasuntha ana osasiya phunziro. Mvula sinaleke mpaka nthawi yoweruka.

Titaonera pa sitepe, kupatula mawu anga oyamba ndi chiyambi cha phunziro, munalibe liwu la munthu. Munali mkokomo wokhawokha. Sakina anatumiza, chifukwa panalibe china chotumiza, kenaka analira mosabisa. A Namakhwa anadutsa ndi ambulera yawo, anaima, nati, "Mayi Jasi, kalasi ya foni bwenzi titajambula sabata yatha dzuwa likuwala." Ankanena zoona.

Loweruka m'mawa ndinakwera minibasi kupita kumsika wa Ndirande. Ndinkafuna bambo ake amve kuchokera kwa ine. Ndinawapeza Che Amidu pakhonde, chipewa choyera kumutu, nkhope ili pafupi ndi singano moti ndinaopa kuti adzisoka mphuno. Sakina anali pa mkeka pambali akumata mabatani. Anandipatsa kabenchi, tinalonjerana, ndipo ndinafotokoza zonse: za kalasi ya foni, za kukana kwanga, za mvula.

"Njira yachidule inalipo, bambo," ndinatero. "Mwana wanu anaipempha, amene anakana ndine. Akalephera musamuone ngati waulesi."

Anapukuta makina ndi kansalu. Kenaka anati, "Sakina, kanemayo ali momwemo? Ndipatse ndione."

Anaigwira foni pafupi ndi diso limene linkaonako. "Phokosoli, foni yawonongeka?"

"Ndi mvula, baba."

"Aa." Anaonera kwa nthawi ndithu. Anthu ankadutsa ndi mitolo yawo, wina anabwera ndi thalauza loti alichepetse, iwo anangomukweza dzanja kuti adikire. Kenaka anati, "Imitsa pamenepo. Kulitsa." Sakina anakulitsa ndi zala zake ziwiri. Panali iye atagwada pafupi ndi kamtsikana ka diresi lofiira, lokhala ndi chigamba chobiriwira paphewa.

"Chigamba ichi ndinaika ndine," anatero Che Amidu. "Ndi mwana wa mayi wogulitsa makala kuseri uku. Ulusi wofiira unandithera tsiku limenelo." Anasendeza foni pang'ono. "Uyu wa kabudula wamkuluyu, ndi wa malemu wokonza njinga uja. Kabudulayo anali wa mkulu wake, ndinangobweza m'chiuno." Anatsitsa foni nandiyang'ana. "Amayi, ndiye amenewa ndi amene bwenzi ali kubwalo ndi matsache?"

"Amenewo, bambo."

Anabwezera foni ku diso. Pa kanema kamtsikana ka chigamba kanasuntha zitsekerero, kanawerenga ndi chala, kenaka kanakweza zala zitatu pamaso pa Sakina, ndipo Sakina anakagwira kumutu. Che Amidu anati abweze pomwepo. Anaonera kawiri. Atamaliza anapukuta foni ija ndi kansalu ka makina, naipereka kwa mwana wawo ndi manja awiri.

"Ine sukulu sindinapite nayo patali," anatero. "Zimene a ku koleji aone m'menemu sindikuzidziwa. Koma iwe Sakina, siya mabataniwo. Akakuuza kuti ubwereze chaka, ukabwereze. Makinawa ndimuitana mwana wa achemwali anga wa ku Nancholi adzaphunzire. Abale akafunsa, abwere kwa ine."

Sakina anabisa nkhope mu mpango. Ine ndinayang'ana kumsika ngati ndikufuna wogulitsa tomato, chifukwa mphunzitsi wachikulire salira pamaso pa wophunzira wake. Koma ndinalephera ndithu kuigwira misozi.

Zotsatira zinabwera patapita milungu. Anakhoza, koma ndi malikisi otsikitsitsa mwa ophunzira onse a pa sukulu pathu. A ku koleji analemba kuti mawu sankamveka ndipo kalasi inali yothinana, koma zinkaoneka kuti ana akuchita zimene mphunzitsi akufuna. Anzake a kalasi ya foni aja anakhoza pamwamba, ndipo mmodzi anatchulidwa dzina pa mwambo wotsanzikana. Zimenezi zinandipweteka, ndipo ndikamazikumbuka zimandipwetekabe. Sindikulemba kuti ndikuuzeni kuti wochita zoona amapambana nthawi zonse. Mvula ija ikanapeza munthu wina ku koleji, wotopa kapena wofulumira, nkhani ino ikanatha mwina, ndipo ine ndikanakhala ndi mlandu kwa mtsikanayo moyo wanga wonse. Ndinkadziwa zimenezo pamene ndinkakana.

Machinjiri, nditapuma

Lero Sakina akuphunzitsa ku Machinjiri, kumapeto kwenikweni kumene minibasi imatembenukira, makalasi oyang'anizana ndi minda. Chaka chino anamupatsa wophunzira woyamba kuti amulere, mnyamata wa ku Chilomoni wodzimva kwambiri. Sakina amanditumizira makanema a mnyamatayo kuti ndionereko, foni itatsamira pa zenera la kumbuyo, ana onse ali m'kati. Ndimakhala pakhonde pano, magalasi pamphuno, n'kumakalipira mnyamata amene sanandionepo. Mukamandimva ndikulankhula ndekha, si nkhuku nthawi zonse.

Pa tsiku limene sukulu inanditsanzika, a Namakhwa anapaka miyala laimu, ana anaimba, aphunzitsi anandipatsa mbale ndi ambulera. Anthu atabalalika Sakina anabwera ndi kaphukusi ka m'nyuzipepala. Munali diresi la buluu. Anati bambo ake anasoka okha, ndipo ndi chinthu chomaliza chimene anasoka asanapereke makina kwa mwana wa achemwali awo. Nditalitambasula ndinaona kuti mpendero wapita uku ndi uku, mbali ina yatalika.

"Pepani Madamu," anatero Sakina. "Ndinawauza kuti andipatse ndiwongole, ndi ntchito yosachedwa. Anakana."

"Anati chiyani?"

"Anati manja anga ndi a choko tsopano, ndisagwirenso singano."

Ndiye ana inu, mukhoza kundigulira madiresi ena, ndivala ndithu ndi kuthokoza. Koma lija la buluu mulisiye mmene lilili, ndipo wina asayerekeze kupita nalo kwa telala.